Amene sakonda magemu ovuta alibe mlandu

Mu Febuluwale 2022 kampani ya ku Japan yotchedwa FromSoftware inatulutsa gemu ya Elden Ring. Patangotha chaka, Bandai Namco, imene imagulitsa gemuyi, inalengeza kuti makope opitirira 20 miliyoni anali atagulidwa. Inalengezanso chiwerengero china monyadira: osewera padziko lonse anali atafa m'gemumo maulendo opitirira 9 biliyoni. Munthu amene sanagwirepo padi angadabwe kuti wamalonda akudzitamandira bwanji ndi kuchuluka kwa nthawi zimene makasitomala ake agonja, koma kwa okonda magemu a mtundu umenewu kufa kambirimbiri ndiye ndiwo yake. Elden Ring inasankhidwa kukhala gemu yopambana ya chaka cha 2022 pa mwambo wa The Game Awards. Komabe pali anthu ambiri, ena a iwo osewera akalekale odziwa bwino mabatani, amene anaiyesa masiku angapo n'kuisiya osaibwereranso. Akanena kuti sinawasangalatse, yankho limene amalandira ndi lakuti vuto ndi iwowo: alibe luso, alibe chipiriro, akaphunzire kaye kusewera. Ine ndikuona kuti yankho limeneli n'lolakwika. Kukana magemu amenewa ndi chiweruzo cha munthu woganiza, ndipo chili ndi zifukwa zimene ngakhale opanga magemuwo ayamba kuzivomereza pa zochita zawo.

Magemu amene tikunenawa ali m'mabanja awiri. Banja loyamba linabadwa ndi Demon's Souls mu 2009, n'kukula ndi Dark Souls mu 2011, Bloodborne mu 2015 ndi Sekiro mu 2019, onsewa opangidwa ndi FromSoftware motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki. Malamulo ake ndi ouma. Adani wamba akhoza kukuphani ndi zikwapu zochepa chabe. Mukafa mumabwezedwa pamalo pamene munapumira komaliza, ndipo adani onse amene munawagonjetsa panjira amadzukanso. M'magemu ambiri a banjali, chuma chimene munatolera chimatsala pamene munagwerapo. Mukafanso musanakachitole, chapita. Palibe posankha kuti gemu ikhale yofewa kapena yolimba, ndipo mu Dark Souls ndi Elden Ring mulibe ngakhale batani wamba loimitsira gemu wina akagogoda pakhomo. Banja lachiwiri ndi lakale kwambiri. Linachokera ku Rogue, gemu imene Michael Toy ndi Glenn Wichman anayamba kupanga mu 1980 ali ophunzira ku California. M'menemo kompyuta imamanga njira ndi zipinda zatsopano nthawi iliyonse, ndipo mukafa mumayambiranso pachiyambi penipeni. Spelunky ya 2008, The Binding of Isaac ya 2011, Dead Cells ya 2018 ndi Hades ya 2020 ndi zidzukulu zake.

Pamkangano wa magemu amenewa anthu amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, kuvuta ndi kubwereza. Kuvuta ndi pamene gemu ikufuna kuti muchite chinthu chimene simunachidziwe bwino: kuzinda lupanga pa nthawi yake, kuona msanga kuti chilombo chikatukula phewa lakumanja ndiye kuti chikufuna kudumpha. Kubwereza ndi pamene gemu ikukulamulani kuchitanso chinthu chimene mwaonetsa kale kuti mumachitha. Tiyerekeze kuti chilombo chachikulu chakuphani pasanathe mphindi imodzi. Chimene mukufuna kuphunzira chili m'mphindi imodziyo. Koma kuti mukaifikenso muyenera kudikira gemu itseguke, kutsika masitepe omwe aja, kuthawa adani omwe aja, kukwera chikepe chomwe chija, ulendo wa mphindi zingapo umene mulibe phunziro lililonse. Mukafa ka 20, nthawi yambiri ya madzulo anu yathera panjira, osati pankhondo. Anthu ambiri amene amati sakonda magemu ovuta, mukawafunsa bwinobwino, sadandaula za chilombocho. Amadandaula za njirayo. Chilango chimene gemu ikupereka chimalipidwa ndi nthawi ya moyo wa munthu weniweni, ndipo munthu ali ndi ufulu wofunsa ngati malipiro amenewa ali oyenera.

Mbiri ya magemu imaonetsa kuti chilango chotere sichinayambe ngati luso. Chinayamba ngati malonda. Space Invaders ya 1978 ndi Pac-Man ya 1980 zinkaseweredwa pa makina oponyamo ndalama yachitsulo, ndipo mwini makina ankapindula wosewera akafa msanga n'kuponyanso ina. Ghosts 'n Goblins ya kampani ya Capcom, ya 1985, inkati mukafika kumapeto movutikira, n'kukubwezerani kuchiyambi kuti muidutsenso yonse musanaone mathero enieni. Magemu atalowa m'nyumba, chifukwa chinasintha koma khalidwe linatsala. Makatiriji a nthawi imeneyo ankasunga zinthu zochepa, choncho gemu imene ikanatha m'maola awiri inkatalikitsidwa poilimbitsa. Ku America kunalinso mashopu obwereketsa magemu, ndipo Louis Castle wa kampani ya Westwood anafotokozapo kuti gawo lina loyambirira la The Lion King ya 1994 linalimbitsidwa dala kuti wobwereka asafike patali asanaibweze. Nintendo nayo inaona kuti Super Mario Bros. 2 imene inatuluka ku Japan mu 1986 inali yolimba mopitirira, ndipo sinaitumize ku America mpaka 1993. Sindikunena kuti Miyazaki akufuna makobiri athu ngati makina aja. Ndikunena kuti zida zina zimene lero zikulemekezedwa ngati chizindikiro cha gemu yeniyeni zinapangidwira kutalikitsa chinthu chachifupi, ndipo wozikayikira akukayikira chinthu chimene chili ndi mbiri yokayikitsa.

Oteteza magemuwa ali ndi mfundo yamphamvu, ndipo si bwino kuipeputsa. Miyazaki wanena kangapo pocheza ndi atolankhani kuti cholinga chake si kuzunza wosewera ayi, koma kumupatsa chimwemwe chimene chimabwera munthu akagonjetsa chinthu chimene ankachiona ngati chosatheka. Chimwemwe chimenecho n'chenicheni. Amene anagonjetsapo Malenia, chilombo chotchuka kwambiri cha mu Elden Ring, atalephera usiku wonse, amanena za manja onjenjemera ndi mtima wogunda, ndipo sakunama. Katswiri wa ku Denmark wofufuza za magemu, Jesper Juul, analemba buku lonse mu 2013, The Art of Failure, pofuna kumvetsa chifukwa chake anthu amafunafuna masewero amene amawagonjetsa pamene m'moyo wamba amadana ndi kugonja. Gemu imene simungalephere n'komwe imatopetsa msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, ndipo pali zokoma zimene wopupuluma sangazilawe. Zonsezi ndikuvomereza.

Chimene mfundoyi imaiwala n'chakuti kuvuta sikukhala m'gemu mokha. Kumakhala pakati pa gemu ndi munthu amene wagwira padi. Mihaly Csikszentmihalyi, katswiri wa za maganizo amene analemba buku la Flow mu 1990, anaonetsa kuti munthu amamira mosangalala m'ntchito pamene kulimba kwa ntchitoyo kukufanana ndi luso lake. Ikafewetsa amanyong'onyeka, ikalimbitsa amada nkhawa. Tsono ngati gemu ili ndi mlingo umodzi wokha kwa anthu onse, ndiye kuti anthu onsewo sakusewera gemu yofanana. Mnyamata wa zaka 19 amene wakula ndi padi m'manja akukwera chitunda, pamene bambo wa zaka 50 wa zala zouma ndi nyamakazi akukanda khoma. Munthu amene ali ndi dzanja limodzi, kapena amene minofu yake imatopa msanga, kapena amene maso ake saona bwino zinthu zothamanga, akhoza kumvetsa bwinobwino chimene ayenera kuchita koma thupi osamulola. Mabungwe ngati AbleGamers ku America ndi SpecialEffect ku Britain akhala akunena zimenezi kwa zaka zambiri. Microsoft inatulutsa padi yapadera ya anthu olumala mu 2018, ndipo The Last of Us Part II ya 2020 inabwera ndi njira zopitirira 60 zosinthira gemu kuti igwirizane ndi thupi la wosewera. Amene amati mlingo umodzi ndiwo chilungamo akutcha chilungamo chinthu chimene chimakomera okhawo amene thupi lawo likufanana ndi la amene anayesa gemuyo ku ofesi.

Ena amati kubwereza ndiko kuphunzira, ndipo palibe luso limene limabwera popanda kubwereza. N'zoona, koma tiyenera kufunsa kuti chikubwerezedwacho n'chiyani. Taonani bawo. Munthu akhoza kugonja kwa mkulu wa pamsika madzulo aliwonse kwa mwezi wathunthu, koma palibe masewero awiri ofanana, chifukwa mnzakeyo akuganiza, akusintha, ndipo wogonja amachoka atagwira kanthu katsopano. Palibenso amene amamuuza kuti asanakhalenso pansi ayambe wazungulira msika katatu. M'magemu ambiri a banja la Dark Souls, chilombo chili ndi mayendedwe owerengeka amene chimasankhapo, ndipo ena mwa iwo anakonzedwa kuti akupusitseni ulendo woyamba: lupanga limaima m'mwamba kanthawi kotalikirapo kuti muzinde msanga n'kukanthidwa. Njira yopambanira ndi kufa mpaka zala zitaloweza. Pali anthu amene kuloweza kotere kumawakomera, monga mmene woimba amakondera kubwereza nyimbo mpaka itakhazikika. Pali enanso amene amafuna gemu imene ikuyesa nzeru zawo pa chinthu chatsopano, amene amakonda kukonza mapulani, kumasula chinsinsi, kapena kupikisana ndi munthu mnzawo pa mpira. Awanso akufuna chinthu chovuta. Kuvuta kumene akufuna ndi kwa mtundu wina.

Banja la Rogue limayankha kuti kwa ilo kubwereza kulibe, popeza ulendo uliwonse ndi watsopano. Pa magemu abwino kwambiri a m'banjali pali choonadi pamenepa. Koma utsopano wopangidwa ndi kompyuta uli ndi malire: zipinda n'zomwezo, zangosinthana malo, ndipo pakapita maola angapo diso limazindikira zidutswa zake. Chinanso n'chakuti mwayi umalowerera. Ulendo wina mumapeza chida champhamvu koyambirira n'kudutsa mosavuta, ulendo wotsatira simupeza kanthu n'kufa mutasewera bwino kuposa poyamba. B. F. Skinner, amene ankafufuza khalidwe pogwiritsa ntchito makoswe ndi nkhunda, anapeza kuti mphotho yobwera mosadziwika nthawi yake ndi imene imachititsa cholengedwa kubwereza chinthu mosalekeza, ndipo iye mwini anaifanizira ndi juga. Mawu akuti “kamodzi kokha aka” amene wosewera amadziuza pakati pa usiku amachokera pamenepo. Nkhani ya Flappy Bird ndi umboni wosavuta kuumvetsa kwa aliyense amene ali ndi foni. Kagemu kameneka, kopangidwa ndi Dong Nguyen wa ku Vietnam, kanali kovuta kwambiri ndipo kankabwezera munthu pachiyambi akangolakwitsa kamodzi. Mu Febuluwale 2014, kali pachimake cha kutchuka, mwini wake anakachotsa pamsika ponena kuti kakusanduka chizolowezi choipa kwa anthu. Kulephera kusiya chinthu si umboni wakuti chikukusangalatsani. Munthu amene wazindikira kusiyana kumeneku n'kuika padi pansi wachita mwanzeru.

Ndiye pali funso la amene amalipira. Returnal, gemu ya kampani ya Housemarque ya ku Finland, inatuluka pa PlayStation 5 mu 2021 ilibe njira yosevera pakati pa ulendo, pamene ulendo umodzi unkatha kupitirira ola. Mukazimitsa makina, zonse zinkapita. Gemu yotere yasankhiratu wosewera wake: munthu amene ali ndi maola otakasuka opanda womusokoneza. Mayi amene mwana wake wadzuka, nesi amene wachoka kuntchito usiku, wophunzira amene akubwerekana TV ndi banja lonse, onsewa atsekeredwa kunja popanda kuyesedwa luso n'komwe. Kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse ndiponso kumene achinyamata ambiri amasewera m'timashopu tolipira, lamulo lotere n'lolemera kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kuti m'timashoputo mumamveka phokoso la mpira ndi nkhonya, magemu amene amatha m'mphindi zochepa wopambana n'kudziwika. Osewera a Returnal anadandaula, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Housemarque inaikamo njira yoimitsira ulendo n'kudzaupitiriza. Adani anakhalabe olimba monga kale. Chimene chinachoka ndi chilango chimene sichinkayesa luso lililonse.

Umboni waukulu kwambiri uli m'zimene opangawo akhala akuchita mwakachetechete. FromSoftware yomweyo, mu Elden Ring, inaika zifaniziro zotchedwa za Marika pafupi ndi zilombo zambiri kuti wakufa adzukire pompo m'malo moyenda ulendo wautali uja. Inapatsa wosewera mizimu yoitana kuti imuthandize pankhondo, ndiponso dziko lotakata loti chilombo chikamukanika apite kwina akakule mphamvu. Gemu yawo yogulidwa kwambiri ndi imenenso inachepetsa kubwereza kuposa zinzake zakale. Hades ya kampani ya Supergiant ili ndi batani lotchedwa God Mode: mukalitsegula, ululu wa zikwapu umachepa ndi 20 peresenti, ndipo imfa iliyonse imaonjezerapo 2 peresenti mpaka kufika 80. Koposa apo, mu Hades imfa imapititsa nkhani patsogolo, chifukwa Zagreus, amene wosewera amamuyendetsa, akabwerera kunyumba ya bambo ake amapeza anthu ali ndi mawu atsopano omuuza. Gemuyi inalandira mphotho ya Hugo mu 2021, yoyamba kuperekedwa kwa gemu. Celeste ya 2018, yotsogozedwa ndi Maddy Thorson, ndi yolimba zedi, koma imakubwezerani pa sikirini yomweyo m'kuphethira kwa diso, ndipo imalola wofuna kuchepetsa liwiro la gemu. Dead Cells inaonjezera njira zothandizira mu 2022, ndipo Lies of P ya ku South Korea inaika milingo yosankha mu 2025. Palibe mwa magemu amenewa amene anataya ulemu wake. Amene amafuna mlingo wolimba akuupezabe pomwe unali.

Mfundo yotsiriza ya oteteza ndi imene ndimailemekeza kwambiri: wopanga ali ndi ufulu wopanga chimene akufuna, ndipo si chilichonse chiyenera kukomera aliyense. Walira mvula walira matope. Wagula Sekiro wagula ndi misozi yake. Sindikufuna lamulo lokakamiza Miyazaki kufewetsa ntchito yake, ndipo ndikumvetsa amene amati kudziwa kuti aliyense anadutsa pa khomo lopapatiza lomwelo kumawamanga pamodzi. Koma ufulu umenewu uli ndi mnzake. Ngati wopanga ali ndi ufulu wotseka khomo, wosewera ali ndi ufulu wonena kuti khomolo latsekedwa molakwika, ndipo mawu ake ndi chiweruzo pa ntchitoyo, osati kuulula kufooka kwake. Sizingatheke kunena kuti magemu ndi luso lofanana ndi mafilimu ndi mabuku, kenako n'kuletsa aliyense amene sanamalize kunenapo kanthu. Pali zambiri zokongola zimene zatsekeredwa kuseri kwa makomo amenewa. George R. R. Martin anathandiza kulemba mbiri ya dziko la Elden Ring. Zithunzi za Cuphead ya 2017 zinajambulidwa pamanja motsanzira makatuni a m'ma 1930, koma wosankha mlingo wofewa saloledwa kufika pa nkhondo zomaliza. Munthu amene akumva chisoni kuti walipira mtengo wonse koma waonetsedwa theka ali ndi dandaulo lomveka.

Wina anganene kuti ngati simuwakonda, ingosewerani ena. Zikanakhala zosavuta chonchi pakadapanda kuti mabanja awiriwa akufalikira m'magemu ena. Star Wars Jedi: Fallen Order ya 2019 inatengera lamulo lakuti adani adzuke mukapuma. God of War Ragnarök inalandira gawo la Valhalla mu Disembala 2023, ndipo The Last of Us Part II inalandira No Return mu Januwale 2024, onse awiri omangidwa pa kufa n'kuyambiranso. Chifukwa chake china n'chachuma: kampani yaing'ono imene singathe kumanga dziko lalikulu ikhoza kupanga zipinda zochepa n'kuzisakaniza kuti zipereke maola ambiri. Zimenezi zapatsa mwayi opanga ambiri aluso, ndipo n'zoyamikika. Koma zachititsanso kuti kubwereza kuziikidwa m'malo amene sikukufunika, chifukwa chakuti ndiko kukugulitsa. Hollow Knight: Silksong ya kagulu ka Team Cherry ka ku Australia itatuluka mu Sepitembala 2025, mkangano waukulu unali womwewu wa njira zazitali zobwerera kwa chilombo, ndipo pasanapite nthawi opangawo anafewetsako zilombo zina zoyambirira. Akadakhala chete osewera, palibe chikanasintha.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhaniyi ndi manyazi amene anthu amachititsana. Wina akagonjetsa chilombo mothandizidwa ndi mizimu imene gemu yomweyo inamupatsa, amauzidwa kuti sanapambane kwenikweni. Wina akatsegula God Mode amabisa. Pali achinyamata amene amathera masabata pa gemu imene sakusangalala nayo, poopa kuti anzawo awatcha ofooka, ndipo pali akuluakulu amene anasiyiratu magemu atauzidwa kuti zimene amakonda si magemu enieni. Inu amene magemu olimbawa amakukomerani, pitirizani kuwasewera ndi mtima wonse, koma lekani kuyesa anzanu ndi chiwerengero cha imfa zimene apirira. Ndipo inu amene mukufuna kugula, fufuzani kaye zinthu zitatu: ngati gemuyo imalola kuseva nthawi iliyonse, ngati ili ndi milingo yosankha, ndiponso kumene imakubwezerani mukafa. Ogula pa Steam dziwani kuti mukhoza kupempha kubwezeredwa ndalama pasanathe masiku 14 ngati mwasewera maola osakwana awiri. Mukaona kuti gemu ikukudyerani nthawi pa zinthu zimene mwazidziwa kale, isiyeni, ndipo wokufunsani mumuuze chifukwa chake mosaopa.